Mabuku a Nkhondo ndi Duku Loyera la Amayi

Mabuku a nkhondo anabwera m'nyumba mwathu pamutu pa munthu amene sankatha kuwerenga Chingerezi. Ababa amene anandilera anali khukhi m'nyumba ina ku Sunnyside, ndipo azungu a m'nyumbamo akamabwerera kwawo ankasiya zonse zimene zakana kulowa m'masutikesi. Anzawo a pantchito ankalimbirana mapoto ndi makatani. Iwo ankasankha katoni ya mabuku, n'kuisenza wapansi mpaka ku Chilobwe, n'kuitula pakhonde thukuta lili kamukamu, ati mwana wasukulu aone ngati muli zothandiza pa mayeso. Za mayeso munalibe. Munali nkhondo zakalekale za ku Ulaya, ndi anthu okondana amene nkhondozo zinawalekanitsa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo mabukuwo ndinawameza onse. Pachikuto pankakhala mkazi wovala chikhoti atatembenukira uko, ndege zili m'mwamba. Mkati nkhani inali imodzimodzi, ankasintha ndi mayina okha. Mnyamata akwera sitima kupita kunkhondo, mtsikana atsala ndi chithunzi. Makalata abwera, kenako aleka. Uthenga ufika woti wasowa, ena ati wafa. Mtsikana adikira zaka zambirimbiri akulira mokongola pazenera, ndipo kumapeto pasiteshoni patulukira munthu wowonda, wotsimphina, n'kukumbatirana dziko lonse likuona. Ndinkalira mpaka amayi kundifunsa ngati andimenya kusukulu. Lero ndikaona zikuto zomwezo atayala pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe mtima umandiwawa, komabe ndimaima n'kutola limodzi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nyererezo ine ndinaziona ndi maso, koma kusiya ndalephera.

Nkhondo tinali nayo yathuyathu, kungoti m'nyumba mwathu sinkatchulidwa. Ine ndinabadwira kutsidya, kufupi ndi Milanje, ndipo ndinalowa m'dziko lino ndili kumbuyo kwa amayi. Nkhani yake anandiuza kamodzi kokha, tikusankha nyemba, maso awo ali palichero. Asilikali anafika m'mudzi n'kutenga amuna kuti akawasenzere katundu, ndipo bambo anga ondibereka anali m'gululo. Amayi anathawa nane kudzera ku Muloza. Tili kumsasa wa othawa nkhondo, munthu wina amene anapulumuka ananena kuti anawaona akugwa powoloka mtsinje, osadzukanso. Amalume awo a amayi anadikira mvula imodzi yathunthu. Kenako anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda monga achitira anthu akwathu mtembo ukasowa. Amayi anameta, anasudzulidwa, n'kukhala mfulu. Atamaliza kunena zimenezi anandiuza kuti ndikataye nyemba zofumbwa kwa nkhuku.

Ku Blantyre anabwera potsata wachibale wina, ndipo n'kumene anakumana ndi ababa, amenenso agogo awo anachokera kutsidya komweko kalekale pofuna ntchito m'minda ya tiyi. Anakwatirana mu tchalitchi, ndipo m'kaundula analemba kuti amayi ndi mkazi wamasiye. Ine ababa ananditenga ndili ndi zaka zinayi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu ambiri amangonena pakamwa, koma iwo ankandibereka kumbuyo popita kuchipatala.

Amayi analibe mudzi m'Malawi muno. Funso loti kwanu n'kuti, limene ena amayankha mosaganizira, iwo linkawaumitsa pakamwa. Mudzi wawo unali gulu la amayi a kumpingo. Atavekedwa yunifolomu, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, anakhala munthu wa kwinakwake. Lachitatu lililonse ankasita ndi ayironi ya makala, kupemerera phulusa kuti lisagwere pansalu, ndipo tsiku limenelo mwana sankayandikira tebulo. Pamaliro ku Chilobwe ankafika oyamba, pa odwala sankaphonya. Nthawi zambiri ankanena akuseka kuti iwo alibe abale owalira, koma akadzafa anzawo adzabwera atavala zoyera, adzawaimbira mpaka kumanda, ndipo duku lawo lidzakhala pamwamba pa bokosi. Ndinkangoti ndi nthabwala za anthu akuluakulu. Chinali chinthu chokhacho chimene ankachiyembekezera kwa anthu.

Mabuku aja anandiphunzitsa lamulo limodzi: ngati mtembo sunaoneke, munthuyo sanafe. Wolemba akangoti anamuona akugwa, ine ndinkadziwiratu kuti kutsogoloku abwera. Choncho thunthu la nthochi lija silinandilole kupuma. Ndinkayang'ana amayi akusita bulauzi yawo n'kumadzifunsa kuti bwanji sanadikire. Akazi a m'mabuku ankadikira. Sindinkaona kuti akaziwo analibe mwana wa chifuwa kumsasa, kuti ankadikira ali m'nyumba ya makolo awo, chakudya chikubwera chokha. Wolemba amatha kulumpha zaka zisanu ndi mzere umodzi, pamene amayi zaka zimenezo anayenera kuzidya tsiku ndi tsiku.

M'mabuku amenewa mumakhalanso mwamuna wachiwiri. Amakhala wofatsa, wa ntchito yake, wosadziwa mawu okoma, amene mkazi amamulola chifukwa chotopa. Wolemba samuda, koma samupatsa masamba ambiri. Mwini mkazi akatulukira, iye amatola chipewa chake n'kutuluka mwaulemu, ndipo palibe amene amafunsa komwe walowera. Manyazi akundigwira polemba izi, koma malo amenewo ndinawapatsa ababa. Ndinkadya masikono amene ankanditengera kuntchito, kuwerenga mabuku amene anasenza okha, kwinaku mumtima ndikuti awa ndi ongogwirizira.

Nditakula ndinapeza ntchito yotayipa makalata m'kashopu kena ku Limbe. Woyandikana nafe nyumba anali dalaivala wachisilamu, munthu wachikulire wodekha, amene ankayendetsa lole kupita kutsidya kudzera ku Muloza. Tsiku lina ndinamulembera pakapepala dzina la bambo anga, dzina la mudzi, ndi chizindikiro chimodzi chimene amayi anatchula, chala chakumanzere chopindika chimene chinathyoka ali mwana. Anandifunsa ngati amayi akudziwa. Ndinati ndidzawauza zikadziwika. Patapita miyezi yambiri anandiimitsa pampopi n'kundiuza kuti munthuyo alipo, amakonza njinga pamsika wina, ali ndi mkazi ndi ana asanu. Anandifunsanso kachiwiri ngati ndawauza amayi, n'kuwonjezera kuti nkhani ngati imeneyi imayamba ndi akuluakulu, m'nyumba, chitseko chili chotseka. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu langa linali m'mabuku. Za mkazi ndi ana asanu ndinazimva ngati mphepo. Chimene ndinamva n'chakuti lamulo langa lija lalondola, ndipo palibe chinthu choopsa ngati chitsiru chimene chalondola kamodzi.

Ndinakonza zonse ndekha. Bambowo anakwera lole ya dalaivala uja n'kufika Lamulungu m'mawa, ndipo ndinakawachingamira ku Limbe. Anali munthu wamfupi, wa imvi, wovala jekete lalikulu lobwereka. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena m'Chinyanja chawo chakutsidya kuti mphumi ndi wa amayi awo. Ndinadikira kuti mtima wanga uchite zimene umachita m'mabuku. Sunachite kanthu. Mu minibasi anandifunsa ngati ku Limbe kumapezeka maekisilo a njinga otsika mtengo.

Pamenepo ndikanawatengera kunyumba. Koma siteshoni ya sitima inali m'mutu mwanga, gulu la anthu, kukumbatirana poyera. Ku Chilobwe malo okhawo ofanana ndi siteshoni anali pabwalo la tchalitchi anthu akamatuluka. Linali tsiku la mgonero, ndipo amayi onse anali mu yunifolomu. Ndinawaimika bambowo pansi pa mtengo pafupi ndi geti, n'kudikira. Amayi anatuluka ali pakati pa anzawo, buku la nyimbo m'manja, ababa akubwera pambuyo ndi azibambo. Ndinapita kukawagwira dzanja amayi, ndikumwetulira ngati munthu wobweretsa mphatso, n'kunena mokweza kuti aliyense amve kuti ndawapezera amuna awo.

Amayi sanakomoke, sanathamange, sanalire. Anayang'ana nkhope, n'kutsitsa maso kuyang'ana chala chija. Kenako anawerama, mu bulauzi yawo yoyera, anthu onse akuona, n'kutapa dothi n'kuwawaza bambowo pachifuwa, monga amachitira anthu akwathu munthu amene anamulira akatulukira, kuti aone ngati ali munthu. Dothi linagwera pajekete, bambowo anangoima.

"Muli moyo, amake mwana?" anafunsa iwo.

"Inu ndinakuikani," anatero amayi. "Ndinameta. Mwadzatani?"

Anayankha kuti mwana ndi amene wawaitana. Anatinso iwonso anauzidwa kuti tinafera panjira, analira, kenako anasiya kulira. Panalibe wina woti n'kumuimba mlandu pakati pa awiriwo. Anthu anali atatizungulira, ndipo ndinaona akulu a mpingo awiri akunong'onezana pakhomo la tchalitchi. 

Ababa ndi amene anathetsa chionetserocho. Anapita kwa mlendoyo, kumupatsa moni, kumusasa dothi pajekete ndi dzanja lawo, n'kunena kuti mlendo sayankhulidwa pamsewu. Kunyumba anapha nkhuku n'kuphika okha, chifukwa amayi analowa kuchipinda osatulukanso. Ababa anamuthirira mlendoyo madzi osamba m'manja, thaulo lili paphewa, monga ankachitira ndi mabwana awo ku Sunnyside. Amuna awiriwo anadya akukamba za mvula ndi za mitengo ya chimanga. Ine ndinakhala pakhonde ndikumvetsera, kudikirabe kuti mwina pena pake patuluka mawu aakulu. M'mawa mwake bambo anga anagula maekisilo awo n'kukwera lole kubwerera kwa mkazi wawo. Chichokereni ndawaonako kawiri.

Sabata isanathe amayi anaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo. Mlandu unali pawiri. Woyamba, m'kaundula analembedwa wamasiye pamene mwamuna wawo ali moyo, ndiye kuti ukwati wawo ndi ababa unamangidwa pa mawu osaona. Wachiwiri, anachita mwambo wachikunja pabwalo la tchalitchi atavala yunifolomu, atangodya mgonero. Anawauza kuti ayambe aima pa mgonero, iwo ndi ababa, ndipo yunifolomu aipinde. Njira yobwererera inalipo: kalata yochokera kwa mwamuna woyamba yoti anawamasula, ndiponso kulowa kalasi ya obwerera kwa miyezi ingapo, kenako kuimirira pamaso pa mpingo n'kulandiridwanso. Akuluwo sanakalipe. Analankhula mofatsa, akutsegula mabuku awo a malamulo, ndipo ena mwa iwo anali anthu amene amayi anawaphikirapo pamaliro a ana awo.

Kalata ndinaithamangira ine, ndipo dalaivala uja anabwera nayo osanena kuti paja ndinakuuza. Ababa anali okonzeka kulowa kalasi tsiku lomwelo. Amene anakana ndi amayi. M'kalasimo munkakhala atsikana otenga mimba kusukulu ndi azibambo ogwidwa ndi akazi a eni, ndipo aliyense ankayenera kunena tchimo limene akulapa. Abusa anabwera kunyumba kudzawanyengerera, ndipo ndinamva yankho lawo ndili kukhitchini.

"Ndikalape chiyani, abusa? Nkhondo ija ndinayambitsa ine? Ndinaika amene anandipatsa kuti ndiike. Mukandiuza tchimo langa ndi dzina lake, ndibwera."

Abusa analitchula mozungulira, koma dzina lake silinapezeke. Amayi sanapite. Ababa nawonso anati sangabwerere okha kusiya mkazi wawo panja. Kuyambira pamenepo awiriwo ankapita kutchalitchi Lamulungu lililonse n'kukhala pabenchi yakumbuyo, ndipo pa tsiku la mgonero ankatuluka pamodzi ndi ana a mumpingo. Lachitatu ayironi inkakhala yozizira pawindo. Kukagwa maliro amayi ankapitabe, atavala chitenje, n'kukatsuka mbale kuseri kwa nyumba pamene anzawo ovala zoyera akuimba mkati.

Amayi anandikalipira kamodzi kokha. Anandipeza ndikuwerenga pakhonde, n'kulanda bukulo, kuliyang'ana pachikuto, n'kundibwezera.

"Unafuna kuona za m'buku, waziona," anatero. "Iwe utseka buku lako. Ine ndiye ndikhala nazo."

Ndinapepesa tsiku limenelo, ndi masiku ena ambiri. Ankati zatha, ndipo ankandiphikira, kundilerera ana anga nditakwatiwa, kuseka nane. Koma ndinawakwiyiranso mumtima, chifukwa miyezi ingapo ya kalasi ikanandichotsera mtolo, ndipo iwo anasankha kuti tiusenze tonse mpaka mapeto. Pano ndimadziwa kuti sankandilanga. Anthu anali atawalanda mudzi, mwamuna ndi dziko, ndipo chimene anakana n'kuvomera pamaso pa anthu kuti analakwa populumuka.

Chimene ndimadana nacho m'mabuku aja si bodza ayi. Anthu otayika amabweradi, ine ndine mboni. Ndimadana nawo chifukwa cha pamene amalekezera. Amatseka nkhani manja akadali m'khosi, anthu akupukuta misozi, ndipo palibe amene amalemba za Lolemba lake. Salemba kuti mlendo agona chipinda chiti, kuti m'kaundula afufuta chiyani, kuti ana a mwamuna wachiwiri aziti chiyani kusukulu. Kutaya kwa m'mabuku n'kwaukhondo, kuli ndi chithunzi ndi kalata yomangidwa ndi kansalu. Amayi analibe chithunzi cha mwamuna wawo woyamba ngakhale chimodzi. Anali ndi manda a nthochi amene anawathandiza kukhala ndi moyo, ndipo ine ndinakawafukula chifukwa ndinkafuna kulira mokoma.

Amayi anakhala pabenchi yakumbuyo zaka zisanu ndi zinayi. Anadwala miyezi iwiri n'kumwalira nthawi ya dzinja. Anzawo a m'gulu anabwera onse, ndipo ena analira kuposa ine, koma anabwera m'zitenje, chifukwa lamulo silinkalola yunifolomu pa maliro a munthu woimitsidwa. Nyimbo zinaimbidwa, koma osati zija amaimbira mnzawo wa m'gulu atazungulira bokosi. Mkulu wa mpingo mmodzi anapemphera mwachidule. Pamwamba pa bokosi panali nkhata za maluwa apepala basi. Ndinayenda pambuyo pake mpaka kumanda ndikuyang'ana malo amene pakanakhala duku.

Patatha sabata ndinapita ku Chilobwe kukathandiza ababa kulongosola katundu wa amayi. Ababa anali atakalamba, ntchito anasiya kalekale, maso akuvuta. Anatulutsa jumbo pansi pa sutikesi n'kukhala nayo pakhonde. Munali bulauzi ndi duku, zopindidwa bwino, zoyera ngati zasitidwa dzulo. Anandiuza kuti m'mawa wa tsiku la maliro anapita okha kwa akulu a mpingo kukapempha kuti alole duku lokha, ngakhale mkati mwa bokosi momwe anthu sangaone, ndipo anawayankha kuti akalola kwa mmodzi ndiye kuti alola kwa onse. Ananena zimenezi mopanda mkwiyo. Pa zaka zonsezo munthu ameneyu sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zikanandipepukira akanandinena.

M'chikwama changa munkaonekera buku, la chikuto chomwe chija, mkazi wa chikhoti ndi ndege. Analiloza ndi chibwano.

"Ukuwerengabe?"

Ndinavomera.

"Tandiuza, mwana wanga. M'mabuku akowo, munthu wobwera pambuyo ngati ine amathera kuti?"

Yankho ndinkalidziwa, ndinaliwerenga kambirimbiri. Ndinafuna kunama kuti mkazi amazindikira kuti iyeyo ndiye anali weniweni, koma ndinali nditawanamiza anthu a m'nyumba imeneyi mokwanira.

"Sanena, ababa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kusalaza duku lija ndi chikhatho.

"Koma ankalemera makatoni aja, iwe," anatero.

Kenako anabwezera duku mu jumbo, n'kumanga pakamwa pake, n'kundifunsa ngati ndadya.